Nyemba za Madilaiva ndi Mwana wa pa Sipeya

Okutobala wa chaka chimene Misozi anagonekedwa ku Katondwe

Amene analipo tsiku lija ndiwatchula onse, kuti pasadzapezeke wina wonena kuti mdala Tembo anathiramo mchere wake. Ndinalipo ine, Gasitoni Tembo, amene Feira yonse inali kunditcha Hutala, ndilo lipenga la motoka, chifukwa ndikaitana munthu ndili pa msika, anali kuyankha ali kudoko. Analipo amai Nyendwa, eni ake a lole imene ndinali kuyendetsa ndi nsomba zonse zimene zinali pamwamba pake. Analipo mlamu wanga Fostino, mlongo wa mkazi wanga, amene anali kukweza ndi kutsitsa katundu pa loleyo. Analipo ana anga aakazi awiri, Ireni ndi mng'ono wake Tisa. Amake Ireni panalibe, anali ku chipatala ku Katondwe ndi khanda lathu Misozi, amene malungo anam'gwira kwambiri. Wotsiriza ndi Lazaro, mwana wanga wamwamuna mmodzi yekhayo, nthawiyo asanayambe ndi sukulu yomwe. Iyeyu analipo koma panalibe amene anali kumuona, chifukwa anali atadzipinda pamwamba pa tayala la sipeya, kunsi kwa lole yodzaza imene inali pafupi kunyamuka ulendo wa ku Lusaka. Msewu wa masiku amenewo unali ndi mabampu otha kugwetsa thumba la mchere lomangidwa ndi chingwe. Nanga mwana wongogwira ndi manja?

Koma kuti mumve bwino mmene mwana anafikira pamenepo, ndi chifukwa chake ine ndinali pa mbaula ndi mthiko m'malo mokhala pa chiongolero, ndiyambe ndi kumene ndinayambira nchito. Inu ana ndi adzukulu werengani mosathamanga, pakuti inenso ndalemba mosathamanga.

Zaka za pa kampu ya msewu, cha ku Mburuma

Sukulu ine sindinapite nayo patali, ndipo sindichita nazo manyazi, chifukwa sindinaonepo chilembo chikutulutsa lole m'matope. Nchito yanga yoyamba inali pa kampu ya anthu okonza msewu cha ku Mburuma. Anandilemba kuti ndizikwera kumbuyo kwa tipa, lole yonyamula dothi ija, kuika mwala pa tayala ikaima, ndi kuthira madzi mu redieta. Dilaiva wa tipayo anali a Chisenga, munthu wochokera ku migodi, wamfupi, wa ndevu zonga za mbuzi, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu nati, "Iwe mwaiche, udziwa kuphika?" Ine ndinayankha kuti ndabwera kudzaphunzira motoka, osati mapoto. Iwo anaseka mpaka kutsokomola nati, "Dilaiva wosadziwa kuphika amafa ndi njala atakhalira matumba a chimanga. Tenga chigubu icho."

Ndi mmene ndinaphunzirira nyemba za madilaiva. Ndilemba pano kaphikidwe kake chifukwa ana a masiku ano muganiza kuti nyemba zifuna tsiku lonse ndi thumba la malasha. M'mamawa usanalize injini, umathira nyemba m'chigubu cha madzi n'kuchimangirira kuseri kwa kebu, pamene pafika dzuwa ndi kutentha kwa injini. Dzuwa la kwathu kuno mulidziwa, ndipo mabampu nawo amathandiza kuzitakasa. Pofika masana zatupa, khungu lafewa. Umazikhuthulira m'poto n'kuziphwanya ndi thako la botolo, osati kuzisinja ayi, kungoti zisweke pakati. Uziike pa moto waukali ziwire kwambiri, osanyengerera. Zikuwira choncho, pambali ukukazinga anyezi, matimati, ndi kanyama ka mbuzi kodula ting'onoting'ono ngati ufuna kudyetsa anapiye. Usakanize zonse, uthire mchere. Chomaliza ndi tsabola wouma wosinja, amene ena amati mpiripiri. Ameneyu umam'ponya m'mafuta otentha payekha, kachikhatho kamodzi, n'kuthira pamwamba pa nyemba. A Chisenga anali kunena kuti tsabola ndiye amaletsa dilaiva kuodzera. Mukadya ndi mabanzi kapena kandolo, amene ena amati mbatata, injini isanazizire mwanyamuka kale.

Kuyendetsa ndinaba ndi maso. A Chisenga sanandikhazikepo pansi n'kunena kuti iyi ndi kilachi, iyi ndi buleki. Ndinali kungoyang'ana mapazi awo. Tsiku lina malungo anawagwetsa tili kutali ndi kampu, anali kunjenjemera ngakhale dzuwa linali pamutu. Ndinawanyamula n'kuwagoneka pampando, ine n'kukhala pa chiongolero. Tipa inalumpha ngati chule koma tinafika. Kapitao wa kampu anafuna kundichotsa nchito, koma a Chisenga atachira anam'tsekera pakamwa: "Uyu ndi dilaiva. Mukam'chotsa, inenso ndipita." Chaka chomwecho ananditengera ku Lusaka kukayesedwa. Zikwangwani za pamsewu ndinali kuzidziwa ndi maonekedwe ake, monga munthu adziwira mbuzi zake, ndipo laisensi ndinabwera nayo m'thumba la shati.

Zaka za kusowa matayala

Nditapeza laisensi ndinalowa nchito pa kampani ina yogula chimanga m'midzi. Bwana wathu anali a Mumba, munthu wovala tayi ngakhale mu Okutobala. Sanali woipa mtima, koma anali kuopa akuluakulu a ku Lusaka kuposa mmene ife tiopera ng'ona. Zimenezo zinali zaka zimene zinthu zinasowa. Sopo kunalibe, mafuta ophikira kunalibe, dizilo inali kubwera mwa apa ndi apo, koma chimene chinatisautsa madilaiva ndi matayala. Chubu chimodzi chinali ndi zigamba pamwamba pa zigamba mpaka osadziwa kuti chubu chenicheni ndi chiti. Tayala likang'ambika tinali kudula chidutswa cha tayala lina lakufa n'kuchimangira m'kati ndi mabauti, poyenda lole n'kumalira kuti gu, gu, gu, ngati ng'oma ya pa maliro. Ulendo wina chubu chinaphulika ndili pakati pa thengo, zigamba zitatha. Ndinamweta udzu, n'kuupanikiza m'tayala ndi chitsulo mpaka kudzaza. Ndinafika nalo pa boma likufuka utsi, koma chimanga cha anthu chinafika chouma.

Mkangano wanga ndi a Mumba unali umodzi, wa anthu okwera. M'midzi ya m'kati umo motoka inali kupita mwa kamodzikamodzi, ndipo anthu anali kuyenda pansi ndi odwala pa njinga kupita ku Katondwe. Iwo anali kunena kuti, "A Tembo, lole si basi." Ine ndinali kuyankha kuti, "Bwana, mai wapakati atakhala pansi pa mlambe akukukwezerani dzanja, inu mungapitirire?" Iwo ati, "Ine sindiyendetsa." Ine ndati, "Ndiye chake." Anandiopseza kangapo koma sanandichotse, chifukwa panalibe wina wodziwa kuyendetsa lole ya matayala a udzu. Pa zaka zimenezi ndi pamene ndinakwatira amake Ireni, ndipo nawonso ndinawadziwira pa lole, atakwera ndi dengu la masau. Kenaka kampani inagwa, malole anawatengera ku Lusaka, ife tinatsala ndi malaisensi m'matumba.

Zaka za nsomba

Amene ananditola ndi amai Nyendwa. Anali mai wamasiye, wa thupi, womanga chitenje molimba ngati apita kukamenyana. Anayamba ndi dengu limodzi la nsomba zouma pamutu, mpaka anagula lole yakale. Pamwamba pake anaika mafiriji akufa, ogoneka chagada, odzaza aisi wochokera ku Lusaka. Tinali kukagula pende ziwisi kwa asodzi a ku Kavalamanja, kuzithira m'mafirijimo, n'kuthamanga nazo ku tauni aisi asanasungunuke. Nchito ya nsomba ziwisi ilibe mawa. Ukachedwa, umafika ndi madzi onunkha.

Loleyo sitata yake inafa isanafike m'manja mwanga. Kuti ilire inafuna kamtsetse: uchotse mwala pa tayala, iyambe kutsetsereka, uike giya yachiwiri, usiye kilachi, basi yalira. Pa boma ponse, bwalo la nyumba yanga ndi limene linali ndi kamtsetse kabwino kolunjika kumsewu. Choncho lole inali kugona pakhomo panga, ndipo Lazaro anabadwa n'kuipeza pabwalo ngati mtengo wa mango.

Amene mumam'dziwa lero ndi ovolosi yake ya mafuta, dziwani kuti sizinayambe dzulo. Mwana uyu asanadziwe kunena kuti amama anali kunena kuti vuuu. Akukwawa anali kulunjika ku tayala. Atayamba kuyenda anatola mawaya onse a pa boma n'kupanga malole, osati timotoka ta anzake ayi, malole enieni okhala ndi matayala awiriawiri kumbuyo a zitsekerero za mabotolo, ndi tizitini ta nsomba pamwamba ngati mafiriji. Motoka ikamveka kutali anali kunena kuti iyo ndi ya ku chipatala, iyo ndi ya malasha, osaiona. Anthu anam'patsa dzina loti Giya, ndipo ukam'itana kuti Lazaro sanali kutembenuka. Nyemba za madilaiva anali kudya za tsabola wa akuluakulu, misozi ndi mamina zili chuchuchu, akukana madzi, ati dilaiva samwa madzi pa tsabola. Azilongo ake anali kum'seka, iye osalabadira.

Choipa chinali chakuti masana dzuwa likakula anali kukagona kunsi kwa lole pamodzi ndi mbuzi. Amake anam'kwapula, anam'maniza chakudya, anam'mangirirapo ndi chitenje pa mzati wa khonde, koma ayi ndithu. Tsiku lina anandiuza kuti, "A Tembo, lole iyi idzatidyera mwana." Ine ndinati mwana wa dilaiva sadyedwa ndi lole. Ulendo uliwonse mwanayo anali kundigwira buluku nati, "Atate, lero ndipita nanu ku Lusaka." Ine yankho langa linali limodzi: "Ukakula." Iye n'kufunsa kuti, "Mawa ndidzakhala nditakula?"

Tsiku lija

Amake Ireni anali atakhala ku Katondwe masiku angapo. Ana tinawasiya m'manja mwa mai wina woyandikana nafe. M'mamawa ine, amai Nyendwa ndi Fostino tinapita ku Kavalamanja, ndipo nsomba zinapezeka zambiri kuposa masiku onse, mafiriji onse anadzaza mpaka zitseko kukana kutsekeka. Tinabwerera dzuwa lili paliwombo, n'kuima pakhomo panga kuti nditenge bulangeti ndi jekete. Ndinaika lole pa kamtsetse kake, Fostino n'kuika mwala. Lazaro anatithamangira monga mwa masiku onse, kuzungulira lole, kugwira matayala, n'kundifunsa funso lake lija. Ndinam'yankha yankho langa lija. Ndikulowa m'nyumba ndinapeza Tisa atagona pamkeka akulira mopanda mawu. Ireni anati mai woyandikana uja anapita ku maliro kutsidya ife titangonyamuka, ufa unatha dzulo, ndipo chiyambire m'mawa adya masau okha.

Ndinatuluka n'kumasula chigubu cha nyemba kuseri kwa kebu, zimene zinali zathu zodyera panjira. Ndinauza Ireni akoleze mbaula mu mthunzi wa lole, pakuti pabwalo ponse mthunzi unali womwewo. Amai Nyendwa anatsitsa galasi nati, "Hutala, muchita chiyani?" Ndinati ndiphikira ana. Iwo ati, "Manje? Simukuona madzi akudontha m'mafiriji? Ndipo tikachedwa tikakumana ndi njovu zikupita kumtsinje, tikaima pamsewu mpaka zitakhuta." Zimene ananena zinali zoona, njovu zikatseka msewu madzulo sungaziimbire hutala. Koma ndinati, "Amai, injini isanazizire tanyamuka. Ana anga sindiwasiya ndi masau m'mimba." Anatsika n'kukhala pa ndowa, akugwedeza mwendo. Fostino anadula anyezi akuseka nati, "Mlamu, mlongo wanga akamva kuti mumaphika chonchi, sadzabwerako ku Katondwe." Ndinati, "Dula anyezi iwe, mkazi anakuthawa chifukwa cha pakamwa pomwepo."

Nyemba zinawira, ndinasakaniza, fungo linadzaza bwalo. Ndinaika kachiwaya ka mafuta pamoto kuti katenthe, ka tsabola. Kenaka ndinayamba kugawa m'mbale, ndikuitana maina monga ndichitira. Ireni anatenga. Tisa anatenga. "Giya!" Zii. "Giya, nyemba za madilaiva zapsa!" Zii. Apa ndinadziwa kuti sizili bwino, chifukwa mwana uyu akamva fungo la nyemba zimenezi anali kufika mbale isanatsukidwe. Ndinauza Ireni asuzumire kunsi kwa lole. Anagwada, nati kuli mbuzi zokha, n'kuzithamangitsa. Tisa anathamanga m'nyumba za anzake, anabwerako yekha. Ine maganizo anga anapita kumtsinje, chifukwa mwezi womwewo ng'ona inali itagwira mbuzi padoko la amai otunga madzi. Ndinatsika njira ya kudoko ndikuitana. Anthu anatuluka m'nyumba, asodzi anaima m'mabwato, onse ati sitinamuone. Ndinabwerera thukuta lili m'maso.

Amai Nyendwa anali ataimirira. Anati, "Hutala, mwana ali kosewera, adzabwera njala ikam'luma. Ana onse amatero. Tiyeni." Ndinati sindichoka ndisanamuone ndi maso. Iwo ati, "Nsomba izi ndi zonse ndili nazo. Zikaola, ine ndatha, inunso mwatha. Sankhani, kwerani kapena patseni makiyi." Fostino anali kudziwa kuyendetsa pang'ono, ndinali kum'patsa pa malo oongoka, ndipo maso a amai Nyendwa anali pa iye. Ndinayang'ana lole ija. Ndinali nditakula, malole pa boma anali owerengeka, ndipo ndinadziwa kuti makiyi akachoka m'manja mwanga sadzabweranso. Dilaiva wopanda lole pa Feira ndi munthu wongokhala pansi pa mtengo n'kumasimba za kale. Ndinawatulutsa m'thumba n'kuwaika pa bonati. Ndinati, "Tengani. Lole mugula ina, ine mwana wamwamuna ndili naye mmodzi."

Fostino anati, "Mlamu, musandikwiyire." Ndinati, "Kwera, ukaigwetse m'mlatho." Anatola makiyi n'kukwera. Popeza wochotsa mwala ndiye anali pa chiongolero, amai Nyendwa anatenga chitsulo cha jeke okha n'kuyamba kuugogoda mwala uja. Ine ndinaima pa mbaula osadziwa kuti ndithamangire kuti. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti kapepala ka tsabola kanali m'dzanja langa nthawi yonseyi, ndinapita nako kudoko n'kubwera nako. Ukali unandikwera, ndinakaponya konse m'chiwaya chija, chimene chinali chitaiwalika pamoto mafuta akufuka.

Inu a ku midzi mudziwa utsi umene alimi amafukiza m'mphepete mwa munda kuti njovu zithawe. Unali womwewo. Unakwera wobiriwira, kamphepo ka kumtsinje n'kuugwetsa pansi, n'kuulowetsa kunsi kwa lole. Tisa anathawa akulira. Ireni anatsokomola, ine ndinatsokomola, amai Nyendwa anatsokomola akutukwana, ndipo mwala unachoka. Lole inayamba kuyenda pang'onopang'ono, masipiringi akulira ndi katundu. M'kati mwa phokoso lonselo ndinamva kachifuwa kena kakang'ono, kotsekedwa ndi dzanja, kochokera pakati pa matayala a kumbuyo. Kenaka kuyetsemula.

Mulungu anandipatsa mawu aakulu, ndipo anthu akhala akundiseka nawo moyo wanga wonse, ku tchalitchi ndi ku maliro komwe. Tsiku limenelo ndinadziwa chimene anandipatsira. Ndinakuwa kuti, "Fostino, ima! Mwana ali pansi!" Akuti anamva mpaka ku msika. Fostino anaponda buleki, koma buleki ya lole ija inafuna kupopa, ndipo lole inapitirira kutsetsereka. Ndinanyamula mwala uja, umene masiku onse tinali kuukunkhuniza chifukwa cha kulemera, n'kuthamanga nawo n'kuuponya kutsogolo kwa tayala lakumbuyo. Tayala linaukwera pang'ono, n'kubwerera. Lole inagwedezeka, madzi a aisi anakhavukira pamsana panga, n'kuima.

Ndinalowa chafufumimba. Pansi panalibe kanthu, Ireni sananame. Ndinatembenuka chagada n'kuyang'ana m'mwamba. Sipeya ya lole imeneyo inali kupachikidwa chogona kunsi kwa bodi, ndipo pakati pa tayala ndi bodi panali kampata koti mphaka angalowe. Ndinaona kaphazi. Ndinakakoka. Anatuluka wakuda ndi girisi, maso ofiira ndi utsi, akuyetsemula, m'thumba la kabudula muli banzi limodzi la kamba wa paulendo. Sanalire. Amene analira ndi Fostino, munthu wamkulu ndevu pepeya, atagwira chitseko cha kebu. Amai Nyendwa anakhala pansi pa dothi pomwepo, n'kuvula duku n'kudziphimba nalo kumaso.

Madzulo ake asanafike

Kenaka amai Nyendwa anadzuka, anakwera okha m'kebu, anazula makiyi n'kubwera nawo. Anati, "Hutala, tengani." Ndinati, "Mwana ayambe wadya." Iwo ati, "Adye. Inenso ndipatseni mbale." Tinakhala pansi tonse, chiwaya chopserera titachitaya kutali, n'kudya nyemba zopanda tsabola ndi mabanzi a paulendo. Amai Nyendwa anapempha zina, nati sanadziwe kuti akhala akulipira wophika m'malo mwa dilaiva. Za aisi sanazitchulenso, ngakhale anali kudontha tonse tikumva.

Tikudya choncho ndinawauza zimene ndinatsimikiza mumtima. Ndinati ana onse atatu akwera nafe m'kebu, tikawatsitse pa Katondwe kwa amai awo, ndipo kuyambira tsiku limenelo lole sidzagonanso pakhomo panga. Tidzafuna kamtsetse kena cha ku nyumba kwa amai Nyendwa, ine ndizipita wapansi m'mamawa. Anavomera. Ndi mmene zinakhalira mpaka ndinapuma nchito, maondo atayamba kukana kilachi. Lazaro atamva kuti lole ichoka pabwalo anasiya kutafuna, n'kundiyang'ana ngati ndanena kuti tigulitsa mmodzi wa azilongo ake. Koma atamva kuti lero akwera kutsogolo, anayambanso kudya.

Anthu ambiri anandifunsa pambuyo pake ngati ndinam'kwapula. Sindinam'kwapule. Mkwapulo amake anali atauyesa kale. Atatha kudya ndinam'gwira dzanja n'kupita naye kumbuyo kwa lole, tokha awiri. Ndinagwada kuti maso athu alingane, chinthu chimene sindinachitirepo munthu wina aliyense. Ndinam'sonyeza tayala lakumbuyo, lalitali kum'posa iye, ndi mwala uja utasweka pakona. Ndinalankhula motsitsa, ndipo mwina ndi chimene chinam'chititsa mantha, pakuti anali asanandimvepo ndikulankhula motsitsa. Ndinati, "Giya, waona mwala uwu? Mutu wako si wolimba kuposa mwala. Pa bampu yoyamba ukanagwa, ndipo ife tikanafika ku Lusaka osadziwa. Amako ndikanawauza chiyani? Kuyendetsa ndidzakuphunzitsa ine ndemwe, pampando, osati kunsi. Koma lero undilonjeze pamaso pa Mulungu kuti sudzalowanso pansi pa lole."

Anapukuta mamina ndi mkono, anayang'ana tayala, anayang'ana ine, nati:

"Ndamva atate, sindidzalowanso. Koma muwauze amalume alowe ndi sipanala tisananyamuke. Nati imene igwira sipeya yatsala pang'ono kugwa. Lole itayamba kuyenda natiyo inali kuzungulira yokha, ine ndiye ndinali kuibweza ndi zala."